Mayina ndi ambiri pa shelefu, nanga eni ake ndi angati?

Nachisale: Moni nonse. Ndili ndi nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira sabata yatha, ndipo ndikufuna ndimve maganizo anu. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikugula mtundu umodzi wa mankhwala otsukira mano. Mwezi wathawu ndinaona kuti chubu chachepa koma mtengo uli pomwepo. Zinandipweteka, ndinati basi, ndalama yanga anthu amenewa saionanso. Ndinaima pa shelefu nthawi yaitali ndikuyerekeza mitundu inayo, mpaka ndinatola wina wa dzina lina, bokosi lina, ngakhale fungo lake lina. Ndinabwerera kunyumba mtima uli myaa kuti ndawalanga. Madzulo mwana wanga wamkazi anatenga bokosi latsopanolo ndi chubu chakale chija n'kuyamba kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Anati, "Amayi, kampani yake ndi imodzimodzi." Ndinasowa chonena. Ndiye ndikufunsa, tikamati tasankha timakhala titasankha chiyani kwenikweni? Nanga amene anandiika m'mutu kuti mitundu iwiriyi ndi yopikisana ndani?

Thoko: Zinandichitikiraponso zimenezi, Mayi. Masiku ano ndimayamba ndawerenga kumbuyo kwa bokosi ndisanayang'ane kutsogolo kwake.

Mphunzitsi Phiri: Mayi Nachisale, mwana wanuyo wakuonetsani chinthu chimene ambiri a ife timachita kukalamba tisanachione. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tengani sopo wochapira. M'maiko ambiri Omo, Surf ndi Sunlight onsewa ndi a Unilever, kampani imene inabadwa pa mgwirizano wa mu 1929 pakati pa Lever Brothers ya ku Britain ndi Margarine Unie ya ku Netherlands. Mukathawa kumeneko n'kutenga Ariel mwalowa m'nyumba ya Procter & Gamble, eni ake a Pampers ndi Head & Shoulders, amenenso anagula Gillette mu 2005 pa madola 57 biliyoni. Ku mowa ndiye kunachitika zazikulu: mu 2016 AB InBev inameza SABMiller pa ndalama zopitirira madola 100 biliyoni, moti lero pafupifupi botolo limodzi mwa mabotolo anayi alionse a mowa pa dziko lapansi ndi la kampani imodziyi. Ife ovala magalasi sitinapulumuke. Luxottica ya ku Italy inagula Ray-Ban mu 1999, Sunglass Hut mu 2001, Oakley mu 2007, ndipo ndi yomweyo imene imapangira mafelemu a Prada ndi Chanel. Mu 2018 inaphatikizana ndi Essilor, yopanga magalasi enieniwo a m'maso. Wopanga felemu ndi iwo, wopanga galasi ndi iwo, sitolo yogulitsiramo ndi yawo. Mpikisano ukhalira pati pamenepo?

Dalitso: Aphunzitsi, zonse mwatchulazi ndi zoona, koma ine vuto sindikuliona kukula momwe mukulikuzira. Kampani imagula inzake chifukwa yachita bwino, ndipo yachita bwino chifukwa anthu akonda katundu wake. Palibe amene anawagwira mkono Mayi Nachisale kuti atole bokosi limenelo. Chinanso, kampani ikakula imagula zipangizo zambiri pakamodzi, ili ndi magalimoto ake, makina ake, ndiye katundu amatsika mtengo. Sopo akanamapangidwa ndi timakampani ting'onoting'ono zikwizikwi, mwina bwenzi tikumugula modula kuposa pano. Za kutsatsa malonda, uthenga wa pa wailesi sulowa m'thumba mwako n'kutulutsamo ndalama. Munthu wamkulu ali ndi mutu wake.

Nachisale: Achimwene a Dalitso, zoona sanandigwire mkono. Koma ine ndinkafuna kuwachoka ndipo ndinalephera, osadziwa n'komwe kuti ndalephera. Chimene chikundiwawa ndi chimenecho.

Chikondi: Ndiyankheko monga munthu amene wagwira ntchito yotsatsa malonda kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikuigwirabe. Zimene zinawachitikira Mayi Nachisale si ngozi ayi, zimakonzedwa dala. Kampani imadziwa kuti pa ogula khumi alionse pamapezeka ena amene atopa ndi dzina lakale, ena ofuna chotchipa, ena ofuna chooneka chapamwamba. Ndiye imaika mayina atatu kapena anayi, lililonse ndi nkhope yake, kuti wotuluka khomo ili alowe khomo linalo la nyumba yomweyo. Ife mu ofesi timakhala pansi n'kujambula munthu amene tikumufuna pa dzina lililonse: zaka zake, mantha ake, chimene amachita nacho manyazi, chimene amasirira kwa anzake. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Dove ndi Axe. Kuyambira 2004 Dove yakhala ikuuza amayi kuti ndinu okongola momwe mulilimu, pamene zaka zomwezo Axe inkauza anyamata kuti ukangodzipopera, atsikana azikuthamangira. Mauthenga awiri otsutsana, koma ndalama zikupita m'thumba limodzi la Unilever.

Chinanso a Dalitso, shelefu ija imene mumaiona m'masitolo akuluakulu si yaulere. Malo amene ali pa msinkhu wa maso a munthu wamkulu amalipiridwa. Malo a kumapeto kwa mzere, pokhotera, amalipiridwanso mokwera. Zinthu za ana zimaikidwa m'munsi, pa msinkhu wa maso a mwana. Wopanga wamng'ono amene katundu wake ndi wabwino koma alibe ndalama yogulira malo amaikidwa pansi penipeni, pofuna kuwerama, kapena saloledwa n'komwe. Inu mukafika mumasankhadi ndi mutu wanu, koma mumasankha pa zimene wina anakusankhirani kale.

Thoko: Za msinkhu wa mwanazi ndi zoona. Wanga wa zaka zinayi sadziwa kuwerenga, koma bokosi la chinthu chimene anachiona pa foni amalizindikira lili patali.

Dalitso: Achemwali a Chikondi, ngati mukudziwa kuti ndi choncho, mukugwiriranji ntchitoyo?

Chikondi: Funso lanu ndi loyenera ndipo ndimadzifunsa kawirikawiri. Kutsatsa pakokha si tchimo. Munthu akatsegula malo osokera zovala ayenera kuuza anthu kuti ndatsegula, ndimasoka zakutizakuti, mtengo wake ndi uwu. Kumeneko ndi kudziwitsa, ndipo makasitomala anga ambiri ndi otere. Chimene chimandivuta ndi kutsatsa kwa makampani akuluakulu, chifukwa cholinga chake si kukudziwitsani kanthu. Ndani sadziwa kuti Coca-Cola iliko? Komabe amawononga madola mabiliyoni chaka chilichonse kutsatsa. Akufuna kuti dzinalo likhale loyamba kubwera m'mutu mwanu ludzu likakugwirani, musanayambe kuganiza. Akufunanso kumanga mpanda: wina aliyense wofuna kulowa mu malonda amenewo ayambe wapeza ndalama zofuulira mofanana ndi iwo, apo ayi mawu ake samveka.

Nasimango: Ine ndine namwino, ndagwira ntchito kuchipinda cha amayi oyembekezera kwa nthawi yaitali. A Dalitso, mwati uthenga sulowa m'thumba mwa munthu. Ndikuuzeni kumene unalowa mpaka m'mimba mwa makanda. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 makampani opanga mkaka wa ana wa m'chitini anautsatsa kwambiri ku Africa, ku Asia ndi ku Latin America. Ankatumiza amayi ogulitsa atavala ngati anamwino kuti azikayenda m'zipatala, ankapereka zitini zaulere kwa amene angobereka kumene, ndipo zithunzi zawo zinkaonetsa khanda lonenepa, losekerera, lili ndi botolo kukamwa. Mayi akamwetsa mwana botolo masabata oyamba aja, mkaka wa m'mawere umachepa chifukwa mwana sakuyamwa. Chitini chaulere chikatha amayenera kugula. Ndalama ikachepa amathira madzi ambiri kuti ufa ukhalitse, ndipo madziwo nthawi zambiri sanali aukhondo. Ana anatsegula m'mimba, ananyentchera, ambiri anamwalira. Bungwe la War on Want linatulutsa lipoti la zimenezi mu 1974, mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, imodzi mwa makampani opanga mkakawo, ndipo mu 1981 msonkhano wa WHO unakhazikitsa malamulo a katsatsidwe ka mkaka umenewu. Maiko 118 anavomera, dziko la United States lokha ndi limene linakana. Amayi amenewo sanali opusa. Ankawakonda ana awo, ndipo chikondi chomwecho ndi chimene otsatsa anagwiritsa ntchito. Ukaona munthu wovala zoyera akukuuza kuti ichi ndiye chabwino kwa mwana wako, ungatsutse bwanji uli pa bedi utangochira kumene?

Nachisale: Mayi Nasimango, nkhani imeneyi yandilasa mtima.

Dalitso: Pamenepo sinditsutsa, Mayi. Kumeneko kunali kunama, ndipo kunama kuyenera kuletsedwa. Koma kunama ndi kwina, kutsatsa ndi kwina.

Mphunzitsi Phiri: Malire ake ndi opyapyala kuposa momwe mukuganizira, a Dalitso. Pali njira yosinthira khalidwe la anthu popanda kunena bodza lililonse loti n'kukutengera kukhothi. Mu 1929 ku America kunali kochititsa manyazi kuti mzimayi asute fodya pagulu. Kwa American Tobacco Company, eni ake a Lucky Strike, zimenezi zinkatanthauza kuti theka la anthu silikugula mokwanira. Analemba ntchito Edward Bernays, amene malume ake anali Sigmund Freud, katswiri uja wa za maganizo a munthu. Bernays anakonza kuti pa chionetsero cha Isitala mumzinda wa New York atsikana angapo ayende mumsewu akusuta, ndipo anauziratu atolankhani kuti ndudu zimenezo ndi miuni ya ufulu wa amayi. Nkhani inafalikira m'manyuzipepala ngati nkhani wamba, osati ngati malonda. Sananene kuti fodya ndi wabwino m'mapapo. Anangomangirira ndudu ku chinthu chimene amayi ankachilakalaka ndi mtima wonse.

Nkhani ya dayamondi ndiye imaonetsa bwino momwe zinthu ziwiri zimene Mayi Nachisale afunsazi zimayendera limodzi. De Beers, imene anayambitsa Cecil Rhodes mu 1888, inagula migodi ya anzake ku South Africa mpaka kwa zaka zambiri inkalamulira magawo opitirira 80 pa 100 alionse a dayamondi wosasema wa pa dziko lonse. Inkasunga miyala m'nkhokwe n'kumatulutsa pang'onopang'ono kuti aoneke wosowa. Dzanja limodzi ndi limenelo. Dzanja linalo linali kampani yotsatsa ya N. W. Ayer, imene anailemba ntchito mu 1938. Mu 1947 mlembi wawo Frances Gerety analemba mawu aja akuti dayamondi ndi wamuyaya. Anaveka miyala akatswiri a mafilimu, anapita ngakhale m'masukulu kukayankhula ndi atsikana, kenako anayamba kuphunzitsa anyamata kuti mphete yotomera mkazi iyenera kudya malipiro a mwezi wathunthu, pambuyo pake anati miyezi iwiri. Ku Japan mu 1967 akwatibwi olandira mphete ya dayamondi anali ochepa kwambiri, pofika 1981 anali opitirira theka. Lero achinyamata ambiri amaona ngati ndi mwambo wa makolo akalekale. Chimene ndikufuna muone n'chakuti De Beers inkatsatsa dayamondi osatchula sitolo iliyonse, chifukwa kulikonse kumene mukanagula, nthawi zambiri mwalawo unali utadutsa m'manja mwawo.

Dalitso: Chabwino, nanenso ndipereke changa. Mu April 1985 Coca-Cola inasintha kakomedwe ka chakumwa chake n'kutulutsa chimene anthu anachitcha New Coke. Anatsatsa ndi mphamvu zawo zonse. Anthu anakana, anaimba mafoni, analemba makalata, ndipo pasanathe miyezi itatu kampani inabweza chakumwa chakale chija. Ngati kutsatsa kuli ndi mphamvu momwe mukuneneramu, zinakanika bwanji? Wogula ndiye bwana.

Chikondi: Nkhani imeneyi timaiphunzira kuntchito, Achimwene, koma phunziro lake ndi lina. Asanatulutse chakumwa chatsopanocho anayesa anthu ambirimbiri powalawitsa osawauza dzina, ndipo ambiri anati chatsopanocho ndiye chokoma. Atachiika dzina ndi pamene anakwiya. Ndiye kuti sankamenyera lilime lawo, ankamenyera dzina limene anakula nalo, limene kampani inakhala ikulidzala m'mitima mwawo kwa zaka pafupifupi 100. Ndipo taonani chimene anapempha: sanati tikupita kwina, anati tibwezereni chathu, kwa kampani yomweyo. Kutsatsa kwa miyezi itatu kunagonja kwa kutsatsa kwa zaka 100.

Thoko: Ine ndibweretse za pa foni, chifukwa kumeneko ndi kumene ndimaona kuti tapanikizika kwambiri. Anzanga ena anatopa ndi Facebook n'kuthawira ku Instagram. Koma Facebook inagula Instagram mu 2012 pa dola 1 biliyoni, nthawi imeneyo ili ndi antchito 13 okha. Mu 2014 inagulanso WhatsApp pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Pa mlandu umene boma la America linatsegulira Facebook mu 2020 panatuluka kalata ya mu 2008 ya Mark Zuckerberg, mkulu wa kampaniyo, imene ananenamo kuti kugula kuli bwino kuposa kupikisana. Google nayo inagula YouTube mu 2006 pa madola 1.65 biliyoni, kenako DoubleClick, kampani yoyendetsa zotsatsa za pa intaneti. Ndalama za Meta, dzina latsopano la kampani ya Facebook, pafupifupi zonse zimachokera ku zotsatsa malonda. Ndiye ife amene timati tikugwiritsa ntchito zaulere, chimene chikugulitsidwa ndi maso athu ndi nthawi yathu. Chikwangwani cha mumsewu chimauza aliyense wodutsa chinthu chimodzi. Foni imadziwa kuti dzulo usiku unafufuza za kuthothoka kwa tsitsi, kapena za ngongole, ndipo m'mawa imakupeza pomwe pali chilonda pakopo.

Nasimango: Odwala ena amabwera atagula kale mankhwala amene anawaona pa foni, ochepetsa thupi, oyeretsa khungu, owonjezera mphamvu. Ukafunsa amati amangobwerabwera pa foni ndiye ndinaganiza kuti ndi odalirika.

Chikondi: Kubwerezabwereza kumeneko ndiye chida chathu chachikulu. Chinthu ukachiona kambirimbiri chimasanduka ngati mnansi, ndipo mnansi sumukayikira.

Tembo: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Mukukamba za sopo ndi mafoni, koma ife alimi nkhaniyi inatifika pa mbewu. Zaka ziwiri zokha zinasintha zinthu. Mu 2017 Dow ndi DuPont anaphatikizana, ndipo mbali yawo ya ulimi inadzakhala Corteva mu 2019. Chaka chomwecho cha 2017 ChemChina inagula Syngenta pa madola 43 biliyoni. Mu 2018 Bayer inagula Monsanto pa madola 63 biliyoni, n'kufafaniza dzina la Monsanto chifukwa linali litada. Mukawonjezerapo BASF, makampani anayi amenewa ndi amene akugulitsa mbewu zopitirira theka la mbewu zonse zogulitsidwa pa dziko lapansi, ndipo ndi omwewonso akupanga mankhwala ophera udzu ndi tizilombo. Amakugulitsa mbewu imene imayenda ndi mankhwala awo, ndiye ukagula chimodzi wagula zonse. Ku America mlimi wina wa ku Indiana, Vernon Bowman, anabzala soya wochokera ku mbewu ya Monsanto osalipiranso, ndipo mu 2013 khothi lalikulu la dzikolo linagamula kuti walakwa. Kusunga mbewu, chinthu chimene mlimi wachita chiyambire ulimi, kunasanduka mlandu. Sindikunena kuti mbewu zawo sizibereka, zimabereka ndithu. Koma mlimi akasiya mbewu yake zaka zingapo imatayika, ndipo tsiku limene mtengo udzakwere alibenso kobwerera. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dalitso: Bambo Tembo, apa mwandigwira. Sopo ukhoza kumusiya, mbewu sungaisiye. Komabe funso langa lija silinayankhidwe: kodi kukula kwa kampani sikutsitsa mitengo?

Mphunzitsi Phiri: Kumatsitsa ndalama zimene kampani imawononga popanga katundu, pamenepo mukunena zoona. Koma chimene chimaikakamiza kuti phindu limenelo igawireko wogula ndi mantha akuti wogulayo apita kwa wina. Winayo akagulidwa, mantha amatha. Ndipo akatsala ochepa savutika kumvana. Mu December 1924 opanga mababu a magetsi akuluakulu, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anakumana ku Geneva n'kupangana kuti babu lisamapitirire maola 1,000 likuyaka, pamene ena ankafika maola 1,500 mpaka 2,000. Ankayesa mababu a wina ndi mnzake, ndipo amene babu lake lakhalitsa ankalipitsidwa chindapusa. Akatswiri awo anapatsidwa ntchito yofupikitsa moyo wa katundu wawo yemwe. Makampani akanakhala 200 pangano lotere silikanagwira, wina akanaliphwanya kuti akope ogula. Anthu ochepa okwana pa tebulo limodzi ndi amene angasunge chinsinsi chotere.

Nachisale: Ndiye titani, Aphunzitsi? Chifukwa ine ndayesa kunyanyala ndekha ndipo mwaona momwe zinathera.

Mphunzitsi Phiri: Wogula payekha mphamvu yake ndi yochepa, Mayi, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zimene zinagwirapo ntchito ndi malamulo. America inakhazikitsa Sherman Act, lamulo loletsa makampani kupha mpikisano pa malonda, mu 1890, ndipo mu 1911 khothi lalikulu linaphwanya Standard Oil, kampani ya mafuta ya John D. Rockefeller, kukhala makampani 34. Mu 1984 anaphwanyanso AT&T, imene inali itagwira matelefoni a dziko lonselo. Koma kuyambira m'ma 1980 maganizo a oweruza ndi a boma anasintha, anayamba kunena kuti kuphatikizana kulibe vuto malinga ngati mitengo siikwera msanga. Zotsatira zake, mu 1999 Exxon ndi Mobil, ana awiri akuluakulu a Standard Oil yomwe ija, anabwererana. Zaka zaposachedwapa kwayambanso kugwedezeka. European Union inalipitsa Google mayuro 2.42 biliyoni mu 2017 chifukwa choika malonda ake pamwamba pa a anzake munthu akafufuza katundu. Mu August 2024 woweruza Amit Mehta ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya lamulo posunga ufumu wake pa kufufuza zinthu pa intaneti. Pa mlanduwo panaululika kuti mu 2021 mokha inalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni ndi ena kuti ikhale yoyamba kupezeka munthu akangotsegula foni yake. A Dalitso, taganizirani ndalama imeneyo. Ngati anthu amasankha Google mwa okha chifukwa ndi yabwino, ankalipiriranji zonsezo? Ankadziwa kuti ambiri a ife sitisintha chimene tachipeza chitaikidwa kale. Vuto ndi lakuti milandu yotere imatenga zaka, ndipo kampani yaikulu ili ndi maloya ambiri kuposa boma la dziko laling'ono. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Nasimango: Pa kutsatsa pakhalanso maiko amene analimba mtima. Ku Quebec, m'dziko la Canada, kuyambira 1980 n'koletsedwa kutsatsa malonda kwa ana osakwana zaka 13. Sweden inaletsa zotsatsa za pa wailesi yakanema zolunjika kwa ana osakwana zaka 12. Australia mu 2012 inalamula kuti ndudu zonse zizigulitsidwa m'mapaketi a mtundu umodzi wosasangalatsa, opanda chizindikiro cha kampani. Makampani a fodya anathamangira kumakhothi ndipo anagonja. Kulimbana kwawo konse kuja kunali kwa bokosi chabe, fodya wa mkati sanasinthe. Iwo eni ake amadziwa kuti chimene chimakopa mwana wa zaka 15 ndi bokosilo.

Thoko: Mzinda wa São Paulo ku Brazil unachotsa zikwangwani zamalonda m'misewu mu 2007. Anthu anayamba kuona nyumba zimene zinabisika kwa zaka zambiri.

Dalitso: Za ana ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, mwana sangasiyanitse nthano ndi malonda. Koma tisaiwale kuti wailesi, nyuzipepala ndi masamba ambiri a pa intaneti amakhalira ndalama za otsatsa. Mukawathamangitsa, atolankhani alipidwa ndi ndani? Mapeto ake nkhani zizidzawerengedwa ndi olemera okha.

Chikondi: Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikufuna kuipeputsa. Ngakhale masewero a pa wailesi aja otsatizana tsiku ndi tsiku anayamba m'ma 1930 ndi ndalama za opanga sopo. Koma apa ndi pamene kuphatikizana kwa makampani kumaopsa kwambiri. Nyuzipepala ikakhala ndi otsatsa 50, mmodzi akakwiya ndi nkhani ina n'kuchoka, imapirira. Ikakhala ndi atatu amene akubweretsa ndalama zambiri, mkonzi amayamba kuganiza kawiri. Ndinazionapo ndi maso anga. Kampani ina imene tinkaigwirira ntchito inalembedwa nkhani yokhudza madandaulo a antchito ake. Sanatsutse, sanapite kukhothi. Anangotiimbira foni kuti tichotse zotsatsa zawo zonse ku nyuzipepala imeneyo kwa miyezi itatu, ndipo amene anatumiza uthengawo ndinali ine. Nkhani yachiwiri imene mtolankhani analonjeza sinatuluke. Mpaka lero chimandivutitsa mumtima. Ndipo masiku ano ndalama zambiri zotsatsira zachoka ku manyuzipepala kupita ku Google ndi Meta, ndiye otsatsa ochepa amene atsalawo mawu awo akulemera kuposa kale.

Tembo: Mwachita bwino kunena, Achemwali. Si ambiri angavomere zotere pagulu.

Nachisale: Zikomo a Chikondi. Ine chimene ndatolapo n'chakuti ndisiye kudziimba mlandu ngati ndinapusa, koma ndisasiyenso kuwerenga timalemba tija. Ndamuuza mwana wanga kuti Loweruka tikhala pansi tilembe zonse zimene timagula mwezi ndi mwezi, ndi mwini wake wa chilichonse, kenako tifufuze ngati pali wopanga wina amene sali pansi pa omwewo. Achimwene a Dalitso, ndikupempheni kanthu kamodzi. Lowani kubafa kwanu ndi kukhitchini, mutembenuze botolo lililonse ndi paketi iliyonse, muwerenge mayina a kutsogolo, kenako muwerenge eni ake a kumbuyo. Mutiuze zimene mupeze.

Dalitso: Dikirani pang'ono, Mayi.

Dalitso: Ndabwera. Kubafa ndi pa sinki ndapeza zinthu 14 za mayina osiyanasiyana. Eni ake ndi makampani anayi, ndipo zisanu ndi chimodzi mwa zimenezo ndi za kampani imodzi. Ziwiri ndinkaziyesa zopangidwa ndi kampani yaing'ono chifukwa cha momwe bokosi lake limaonekera, lili ndi masamba ndi chithunzi cha munda. Ndikuumirirabe kuti palibe anandikakamiza, ndipo zina mwa izo ndipitiriza kugula chifukwa zimandigwirira ntchito. Koma sindinkadziwa, ndipo ndikuona kuti sanafune kuti ndidziwe, chifukwa dzina la mwini analilemba laling'ono moti ndachita kuyatsa tochi ya pa foni. A Chikondi, pa botolo limodzi sanalembe mwini wake n'komwe, angolemba dzina la kampani imene inaligawa. Zikatero munthu amafufuza bwanji?

Chikondi: Lembani dzina la katunduyo pa intaneti pamodzi ndi mawu ofunsa mwini wake, koma mudumphe zotsatira zoyambirira zimene zalembedwa kuti ndi zolipiridwa. Makampani amene ali pa msika wa masheya amatulutsa lipoti la pachaka, ndipo m'menemo amandandalika mayina onse amene ali pansi pawo, chifukwa eni masheya ndiye amafuna kuwauza zonse. Mukalephera, jambulani kumbuyo kwa botololo munditumizire, ndikuthandizani kulondola.